Magetsi anazima ndikujambula pa AutoCAD: ntchito yanga inapita kuti?

Funso

Ndimajambula mapulani a nyumba ku Mzuzu. Ndimagwiritsa ntchito AutoCAD 2021 pa kompyuta ya padesiki ya Windows 10, ndipo mafayilo ndimagwirira pa fulashi. Sabata yatha magetsi anazima ndili mkati mojambula, nditagwira ntchito kuyambira m'mawa osaseva. Atayaka ndinatsegula fayilo ija n'kupeza ili monga ndinaisiyira dzulo lake. Mnzanga akuti pulogalamuyi imadzisevera yokha mphindi 10 zilizonse, nanga ntchito yangayo inapita kuti? Tsiku linanso ndinatseka pulani n'kudina No molakwitsa itandifunsa ngati ndikufuna kuseva, ndinasakasaka osapeza kanthu. Kodi pulogalamu yangayi ndi yowonongeka?

Yankho

Pepani achimwene ndi ntchito imeneyo. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, pulogalamu yanu ilibe vuto. Mnzanuyo sananame: AutoCAD ikangoikidwa kumene imakhala yotcheredwa kuti izidzisevera mphindi 10 zilizonse. Chomwe sanakuuzeni n'chakuti mphindi 10 zija zikakwana, siikhudza n'komwe fayilo yanu ya .dwg. Imalemba fayilo ina yapadera, ya dzina lothera ndi .sv$, n'kuiika mu foda ya Windows yosungiramo zinthu zosakhalitsa, kutali ndi pulani yanu. Ya pa fulashi ija imasintha pokhapokha mwiniwakenu mukaseva. Choncho mutaitsegula n'kupeza za dzulo lake, munali kusaka pamalo pomwe ntchitoyo sinafikepo. Mwina ikadali pa C: mpaka lero.

Fayilo ya .sv$ imeneyi anaipangira ngozi basi. Mukaseva ndi Ctrl+S, AutoCAD imaifufuta, poti ya .dwg yakwana kale. Mukatseka pulani mwadongosolo imaifufutanso, kaya mwadina Yes kaya No. Ili ngati mitengo yochirikizira silabu: mwini ntchito akanena kuti tamaliza, amaichotsa. Imatsala pokhapokha pulogalamu ikafa mwadzidzidzi isanapeze mpata woifufuta, monga magetsi akazima, kompyuta ikauma, kapena AutoCAD ikadzitsekera yokha. N'chifukwa chake mavuto anu awiriwa, ngakhale akuoneka ofanana, ndi osiyana kwambiri. La magetsi lili ndi chiyembekezo. La No lija, chiyembekezo n'chochepa zedi.

Tiyambe ndi la magetsi. Musayendetse pulogalamu iliyonse yoyeretsa kompyuta musanachite zomwe ndinenezi, chifukwa foda yomwe tikupitayi ndi yomwe mapulogalamu amenewo amayambira kusesa.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %temp% m'kabokosi kotulukako, n'kudina Enter. Mutsegukira foda yodzaza ndi mafayilo a mayina osamveka. Adiresi yake yonse ndi C:\Users\dzina lanu\AppData\Local\Temp. Pamwamba pa File Explorer pitani pa View, muchonge pa File name extensions, apo ayi Windows ibisa zilembo zakumapeto kwa mayina ndipo simungasinthe zomwe tikufuna kusintha. Kenako m'kabokosi kofufuzira lembani *.sv$ ndipo zotulukazo muzisanje potsata Date modified. Mukufuna fayilo yoyamba ndi dzina la pulani yanu, lotsatana ndi manambala. Ngati pulaniyo inali Nyumba.dwg, mupeza dzina lokhala ngati Nyumba_1_29358_6213.sv$. Onani tsiku, nthawi ndi kukula kwake. Ngati magetsi anazima cha m'ma 2 koloko masana ndipo fayiloyo ikusonyeza mphindi zochepa 2 koloko isanakwane, komanso kukula kwake kukuyandikana ndi kwa pulani yanu, ndi yomweyo. Ikakhala ya 0 KB, ndiye kuti magetsi anaipeza ikulembedwa, mulibe kanthu. Mukaona m'fodamo mafayilo a .bak (makope akale) okhala ndi dzina la pulani yanu, nawonso atengeni.

Musaisinthe dzina ili momwemo. Ikopereni kaye mu foda yatsopano, kenako pa yokoperayo muchotse .sv$ n'kuikapo .dwg. Windows ikuchenjezani kuti fayilo ikhoza kusiya kugwira ntchito; vomerani, chifukwa m'kati mwake ndi pulani ya AutoCAD yeniyeni, dzina lokha ndilo losiyana. Ipatseni dzina losiyana ndi la pulani yakale ija, kuti ina isafufute inzake.

Pali kanthu kena komwe kamaopsa anthu pamenepa. Ngati pulani yanu imakoka mafayilo ena, monga mapu a puloti omwe munalumikiza ngati xref kapena chithunzi cha sikani, mukaitsegulira mu foda ina idzaoneka ngati theka lake lasowa. Silinasowe. Pulaniyo ikufunafuna anzake pamalo pomwe inazolowera kuwapeza. Iikeni mu foda ya ntchitoyo, pambali pa yakale, ndipo zibwerera.

AutoCAD ili ndi njira yake yochitira zomwezi, yotchedwa Drawing Recovery Manager. Ndi kawindo kamene kamatuluka chakumbali mukatsegula pulogalamu itazima mwadzidzidzi. Ambiri amakatseka mofulumira poganiza kuti n'kosokoneza, ndipo mwina nanunso munatero osazindikira. Lembani DRAWINGRECOVERY pamzere wa makomandi, katulukanso. Pansi pa dzina la pulani iliyonse yomwe inali yotsegula kamasonkhanitsa zonse zomwe zilipo: .dwg, .bak, .sv$, ndiponso fayilo yothera ndi _recover.dwg ngati ilipo. Yotsirizayi imapangidwa AutoCAD ikakumana ndi vuto lalikulu n'kukufunsani ngati mukufuna kuti iyese kuseva isanatseke. Magetsi akazima siipangidwa, poti palibe nthawi yofunsa. Ngati kawindoka sikatuluka kokha, lembani RECOVERYMODE muone nambala yake. Iyenera kukhala 2. Ikakhala 1, AutoCAD imasunga mndandandawo koma siikuonetsani mpaka mutaitanitsa. Ikakhala 0 siisunga n'komwe. Ine ndimakonda kuyamba ndakopera mafayilo pamanja ndisanadalire kawindoka, chifukwa zomwe zili mu foda yanga palibe pulogalamu yomwe ingazifufute ine osadziwa.

Tsono tiyerekeze kuti mwasaka ndipo .sv$ palibe, kapena ilipo koma ndi ya nthawi ya m'mbuyo kwambiri. Apa ndipo pali zofufuza, ndipo zifukwa zake ndi zingapo.

Choyamba lembani SAVETIME. Nambala yotulukayo ndi mphindi. Ikakhala 0, kudzisevera n'kozimitsidwa. Zimachitika kuti winawake anazimitsa chifukwa kompyuta inkadodoma poseva, kapena kafayilo ka LISP (kapulogalamu kakang'ono koyenda m'kati mwa AutoCAD) komwe kanabwera ndi ntchito ya munthu wina kanasintha. Kenako lembani SAVEFILEPATH muone foda yomwe AutoCAD ikulembamo. Si nthawi zonse imakhala %temp%. Ngati ikuloza pa fulashi, pa disiki ya pa netiweki yomwe kulibenso, kapena foda yomwe inafufutidwa, ndiye kuti kudzisevera kunalibe polembera. Chimodzimodzinso C: ikadzaza thothotho.

Chifukwa china, chomwe ambiri sachidziwa, chili pa kawerengedwe ka mphindizo. Wotchi imayamba kuwerenga mukasintha kanthu pa pulani, ndipo imayambiranso mukaseva pamanja. Nthawi ikakwana muli m'kati mwa komandi, AutoCAD siikudulani. Imadikira kuti mumalize. Mukayamba PLINE, komandi yojambulira mizere, kasitomala n'kukuimbirani foni, inu n'kutuluka komandiyo ikadali yodikira, ndiye kuti ngakhale patapita ola palibe chomwe chasevedwa. Choipa kwambiri ndi Block Editor, mokonzera mabuloko. Nthawi yonse yomwe muli m'menemo kudzisevera kumakhala kozimitsidwa. Munthu wokonza mabuloko a zitseko ndi mawindo akhoza kukhalamo maola awiri akuganiza kuti ndi wotetezeka. Muzizolowera kudina Esc musananyamuke pampando, ndipo mu Block Editor muziseva buloko n'kutulukamo kawirikawiri.

Chifukwa chotsiriza ndi sabata yomwe yapitayi. Windows 10 ili ndi Storage Sense komanso Disk Cleanup, ndipo zonsezi zimatha kufufuta mafayilo osakhalitsa. Onjezani mapulogalamu oyeretsa omwe amisiri a makompyuta amakonda kuika akamakonza makina. Ngati chimodzi mwa izi chinayenda magetsi atazima kale, n'kutheka kuti .sv$ inalipo koma inasesedwa.

Za No zija ndinene mosabisa. Kwa AutoCAD, munatseka bwinobwino n'kunena kuti zosinthazo simukuzifuna, ndiye inafufuta .sv$. Mafayilo ofufutidwa ndi pulogalamu mwanjira imeneyi sapita mu Recycle Bin. Alipo mapulogalamu obweza mafayilo ofufutidwa, ndipo pa hadi disiki yakale yozungulira nthawi zina amapulumutsa ngati mwayesa nthawi yomweyo musanalembepo zina. Pa SSD mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa malo a fayilo yofufutidwa amayeretsedwa msanga. Foda ya Temp nayonso imalembedwa kosalekeza kompyuta ikayaka. Kwa ine, patapita masiku chonchi, kujambulanso n'kwachangu kuposa kusakasaka, makamaka poti miyeso ndi maganizo ake mukuzikumbukira kale.

Mwina mukufunsa za fayilo ya .bak yomwe mumaiona pambali pa pulani yanu. Imeneyo ndi nkhani ina. Imapangidwa mukaseva pamanja: AutoCAD imatenga .dwg momwe inalili musanaseve n'kuitcha .bak, kenako n'kulemba yatsopano. Choncho nthawi zonse imakhala m'mbuyo mwa .dwg, ndipo pa mavuto anu awiriwa siithandiza, poti ntchito yotayikayo simunaisevepo. Imapulumutsa pa tsoka lina, lofufuta gawo la pulani osazindikira, n'kuseva, n'kutseka. Koma imakhalapo imodzi yokha. Mukatsegulanso pulani yolakwikayo n'kudina Ctrl+S mwachizolowezi, .bak yabwino ija imalowedwa m'malo ndi yolakwika. Ndiye mukangokayikira pulani, musaseve, koperani .bak kaye, muisinthe dzina kukhala .dwg ngati mmene tachitira ndi inzake ija. Mafayilo a .ac$ omwe muwaone mu Temp musataye nawo nthawi. Amathandiza pulogalamu pa zinthu monga UNDO ikamagwira ntchito, ndipo kuwasintha dzina sikubweza pulani. Palinso timafayilo tobisika ta .dwl ndi .dwl2 tosonyeza kuti pulani ndi yotsegula. Magetsi akazima timatha kutsalira, ndipo AutoCAD ikamanena kuti fayilo ili m'manja mwa wina pomwe muli nokha, tifufuteni.

Nanga fayilo ikapezeka koma n'kukana kutseguka, n'kumalemba kuti Drawing file is not valid? Musaitsegule poidina kawiri. Tsegulani AutoCAD pa pulani yopanda kanthu, lembani RECOVER, musankhe fayiloyo. Pulogalamu idzaiwerenga chidutswa ndi chidutswa n'kukonza zomwe ingathe, ndipo pamapeto idzakuuzani zolakwika zomwe yapeza. Ngati ili ndi ma xref, gwiritsani ntchito RECOVERALL kuti nawonso akonzedwe. Ikatseguka, yendetsani AUDIT n'kuyankha Y, kenako PURGE, n'kuiseva ndi dzina latsopano. Ikakanabe, yesani kuilowetsa ngati buloko mu pulani yatsopano ndi INSERT. Nthawi zina mizere imalowa ngakhale fayilo payokha ikukana, kungoti mapepala osindikizira a layout mudzawakonzanso.

Musanavutike ndi zonsezo, pali kayeso kamphindi imodzi. Tengani yokopera, muitsegule ndi Notepad. Zambiri zidzaoneka zilembo zosawerengeka, koma yang'anani zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira. Pulani yeniyeni imayamba ndi AC ndi manambala anayi: AC1032 ndi mtundu wa fayilo womwe unayamba ndi AutoCAD 2018 ndipo ndi womwe 2021 yanu imalemba, AC1027 ndi wa 2013, AC1024 ndi wa 2010. Mukaona zimenezi, mutu wa fayilo ulipo ndipo RECOVER ili ndi poyambira. Mukaona poyera pokhapokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, fayiloyo ndi dzina chabe. Tsekani Notepad osaseva.

Tsopano za fulashi. Chizolowezi chimenechi ndikupemphani muchisiye, ngakhale sichinachititse mavuto awiriwa. Mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, omwe sasunga kaundula wa zomwe zikulembedwa monga imachitira NTFS ya pa C:, choncho magetsi akazima kapena fulashi ikagwedezeka pakati poseva, n'kosavuta kuti fayilo kapena foda yonse isokonezeke. Choopsa china n'chakuti .bak imakhala mu foda imodzi ndi .dwg, ndiye fulashi ikafa kapena ikaiwalika kosindikizitsa mapulani, zonse ziwiri zapita limodzi. Komanso fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatola zinthu. Mukaona fayilo yotchedwa acaddoc.lsp kapena acad.lsp mu foda ya ntchito pomwe simunaiikemo, ikayikireni, chifukwa AutoCAD imatha kuyendetsa mafayilo a mayina amenewa potsegula pulani, ndipo pali mavairasi omwe amafalikira njira imeneyi. Gwirirani ntchito pa disiki ya m'kati mwa kompyuta, fulashi izikhala yokopererapo madzulo ndi yonyamulira.

Zotchera kuti zisachitikenso si zambiri. Pangani foda yanuyanu, mwachitsanzo C:\Autosave. Lembani OPTIONS, pitani pa Files, mupeze Automatic Save File Location, muloze ku foda imeneyo. Mukatero zoyeretsa za Windows sizifikako, ndipo simudzasakanso pakati pa mafayilo zikwizikwi. Dziwani kuti kusamutsaku sikuletsa AutoCAD kufufuta .sv$ mukatseka mwadongosolo. Khalidwe limenelo silisintha. Kenako pa Open and Save, pansi pa File Safety Precautions, onetsetsani kuti Automatic save ndi yochongedwa, komanso Create backup copy with each save, yomwe ndi imene imapanga .bak. Mphindi ndingaike 5. Ena amaika 1, koma pa pulani yaikulu kompyuta imadodoma pang'ono nthawi iliyonse ikamaseva, munthu amatopa nazo, mapeto ake amazimitsiratu. Ndimakondanso kuika ISAVEPERCENT pa 0. Imabwera ili pa 50, kutanthauza kuti poseva AutoCAD imangowonjezera zosinthidwa pa fayilo mpaka malo owonongeka m'katimo atachuluka, ndiyeno n'kulemba yonse mwatsopano. Pa 0 imalemba yonse nthawi iliyonse. Kuseva kumachedwerapo pang'ono, koma pa mapulani a nyumba zogona simudzamva kusiyana. Ndipo poti muli ndi 2021, lembani SYSVARMONITOR, komandi yomwe inabwera ndi AutoCAD 2016, muikemo SAVETIME ndi ISAVEBAK (chotchera cha .bak), kuti china chikazisintha mudziwitsidwe.

Komabe zonsezi ndi zopulumutsira pangozi. Chomwe chikanakupulumutsani tsiku lija ndi Ctrl+S. Mwamaliza khoma, sevani. Mwaika miyeso ya chipinda, sevani. Ndipo pa nthawi zikuluzikulu, monga musanasinthe denga chifukwa kasitomala wasintha maganizo, gwiritsani ntchito SAVEAS n'kuika tsiku pa dzina. Makasitomala athuwa amatha kubwera patatha mwezi n'kunena kuti ija yoyamba ija ndiyo inali bwino, ndipo .bak siingakubwezereni pulani ya mwezi watha. Ngati muli ndi disiki yakunja, File History ya Windows 10 imasunga mafayilo momwe analili pa nthawi zosiyanasiyana popanda intaneti. OneDrive ndi Dropbox nazonso zimasunga mbiri yotere, kungoti zimadya bandulo.

Kompyuta ya padesiki kuno kwathu ikufunika UPS, kabokosi ka batire kogwiriza kompyuta magetsi akazima. Siifunika yaikulu. Yaing'ono yoti izinyamula kompyuta ndi sikirini kwa mphindi zochepa ndi yokwanira kuti museve n'kuzimitsa mwadongosolo. Musalumikizeko pulinta ya laser, imakoka moto wambiri. Batire yake imatha mphamvu pakapita zaka zochepa, ndiye muziiyesa pozimitsa swichi ya pakhoma mutaseva kale. Kuzima kwadzidzidzi kumawononganso mafayilo a Windows, osati a AutoCAD okha.

Ngati mukuganiza zosamukira ku Revit, pulogalamu ina yojambulira nyumba, monga akuchitira ojambula ambiri, dziwiranitu kuti kumeneko kulibe kudzisevera kotere. Imangokukumbutsani kuti papita nthawi musanaseve, ndipo mukaseva imasunga makope akale a manambala monga .0001.rvt.

Mukamaliza kutchera, yesani, musangokhulupirira. Tsegulani pulani yatsopano, muiseve ndi dzina lakuti Kuyesa, mujambule mizere ingapo, mudine Esc, mudikire mphindi 6. Pamzere wa makomandi padzalembedwa Automatic save to, kutsatana ndi adiresi ya fayilo. Dinani F2 ngati zakudutsani. Pitani ku C:\Autosave mukaione ndi maso. Kenako, mutatseka mapulani ena onse, tsegulani Task Manager n'kuitseka AutoCAD mokakamiza ndi End task, kuti zikhale ngati magetsi azima. Mukaitsegulanso, Drawing Recovery Manager iyenera kutuluka ndi Kuyesa pamndandanda, ndipo .sv$ yake ikhale ndi mizere ija. Zikapanda kutero, ndilembereninso manambala omwe SAVETIME ndi RECOVERYMODE akuonetsa, adiresi ya pa SAVEFILEPATH, ndi malo otsala pa C:.